Lipoti la nkhani: mkulu wa mpingo amene ankaopa imfa n'kumachita manyazi kunena

Za lipotili

Ndine m'busa wa pachipatala china cha mishoni m'chigawo chapakati. Ndimagwira ntchito pamodzi ndi gulu losamalira odwala matenda osachiritsika: adokotala, anamwino ndi anthu odzipereka a m'midzi. Nkhaniyi ndailemba atandilola mayi a kunyumba a malemuwa. Dzina, mudzi ndi mpingo sinditchula, ndipo zina zimene zikanawazindikiritsa ndazisintha. Ndiziwatchula kuti Aphunzitsi, poti ndi mmene aliyense ankawaitanira. Ndikulembera makamaka abusa anzanga, akulu a mpingo ndi anamwino amene amakhala pambali pa mphasa ya Mkhristu amene masiku ake atsala ochepa.

Wodwala ndi matenda ake

Aphunzitsi anali ndi zaka 63, mphunzitsi wa kupulayimale wopuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo kwa zaka zoposa 20. Vuto linayamba ndi nsima kukakamira pakhosi. Kenaka phala lolimba linayamba kukanika, mpaka anatsala ndi phala lamadzimadzi ndi tiyi. Kuchipatala chachikulu anawalowetsa kachipangizo kounikira m'mero n'kupeza khansa ya kummero, itafika kale kuchiwindi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yofala kwambiri padziko lonse, ndipo odwala ambiri amafika pamene opaleshoni singathandizenso. Anawaika kapaipi kotsegula njira ya chakudya n'kuwabwezera kwa ife kuti tiziwasamalira ali kwawo.

Ululu sunavute kwenikweni. Mofini wamadzi wakumwa maola anayi aliwonse, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, anautsitsa m'sabata zoyambirira. Chimene chinachititsa anamwino kundiitana ndi usiku. Mayi anafotokoza kuti bambo amadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda mofulumira, n'kugwira dzanja lawo mwamphamvu. Nyali sankalola kuti izimitsidwe. Kukacha ankakhala munthu wina: ankalandira alendo akumwetulira, n'kumawalimbikitsa ndi mavesi, moti obwera kudzazonda matenda ankachoka akunena kuti atonthozedwa ndi iwowo.

Gulu lathu limagwiritsa ntchito mafunso 10 a bungwe la African Palliative Care Association, 7 ofunsa wodwala ndi 3 ofunsa achibale, ndipo yankho lililonse limayezedwa kuyambira 0 mpaka 5. Pa funso la nkhawa Aphunzitsi anayankha 0. “Ndili m'manja mwa Ambuye, sisitala,” anatero. Mayi, atafunsidwa za nkhawa ya banja, anayankha 5. Pepala linkasonyeza munthu wamtendere, koma m'nyumbamo munalibe wogona tulo.

Ndisanalowepo, adokotala anayamba aona ngati chikuyambitsa ndi thupi. Mankhwala ena ochepetsa kutupa amene ankamwa madzulo amadziwika kuti amathawitsa tulo, choncho anawasinthira m'mawa. Anayeza magazi, anamvetsera m'chifuwa, anaona ngati mutu ukusokonezeka. Anafufuzanso matenda a kukhumudwa, koma Aphunzitsi ankasangalalabe ndi zidzukulu ndi mpira wa pa wailesi. Tulo tinabwerako pang'ono, koma kudzidzimuka sikunathe. Ndimaumirira kuti ndondomeko imeneyi isadumphidwe: m'busa amene athamangira kutulutsa “mzimu wa mantha” mwa munthu amene mankhwala akumulepheretsa kugona amamuwonjezera mtolo.

Kucheza koyamba

Anandilandira ngati mnzawo wa muutumiki. “Abusa, mwavutikiranji? Ine ndakonzeka kale.” Ananena Salmo 23 pamtima, mawu osagwedera. Sindinawafunse ngati akuopa, chifukwa yankho lake ndinali nditalimva kale. Ndinati, “Aphunzitsi, mukadzidzimuka usiku, chimayamba kubwera m'maganizo n'chiyani?” Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anapempha mayi kuti akatereke madzi a tiyi.

“Abusa, ndalalikira pa maliro osawerengeka. Ndaimirira pamanda kuuza amasiye kuti Mkhristu saopa imfa. Lero yandipeza ine, ndikunjenjemera. Kodi zaka zonsezi ndinkanamiza anthu?”

Apa ndinaona kuti pamwamba pa mantha panali manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene ankawatsekera pakamwa. Munthu wamba akhoza kulira pagulu kuti akuopa. Mkulu wa mpingo amaona ngati akatero agwetsa chikhulupiriro cha onse amene anawaphunzitsa.

Tinatsegula Marko 14, nkhani ya m'Getsemane. Ndinawapempha awerenge okha, pang'onopang'ono. Marko sabisa kuti Yesu anagwidwa ndi nthumanzi ndi kupsinjika kwakukulu, kuti anapempha anzake atatu akhale naye maso, ndiponso kuti anapempha Atate amuchotsere chikho. Ahebri 5:7 imanena za kulira kwakukulu ndi misozi. Aphunzitsi anali ataphunzitsa ndimezi kangapo pa sabata ya Pasaka, koma nthawi zonse ankathamangira ku mawu a kugonjera chifuniro cha Atate. Tsiku limenelo anaima pa mantha a Ambuye. Ndinawafunsa ngati angayerekeze kunena kuti Yesu analibe chikhulupiriro usiku umenewo. Anapukusa mutu. Zimenezi sizinachotse mantha, koma zinawapatsa chilolezo chowatchula, ndipo m'maulendo otsatira tinayamba kuwamasula limodzi ndi limodzi.

Kafedwe kake

Mantha oyamba anali a thupi. Ali mnyamata anaona malume awo akumwalira akubanika, ndipo ankakhulupirira kuti nawonso adzafa atatsamwa, maso ali tong'o. Palibe amene anawafotokozerapo mmene matendawa amathera, ndipo iwo sanafunse. Ndinapempha anamwino kuti tipite limodzi. Anafotokoza mosabisa kuti kawirikawiri munthu amafooka, njala imatha, amagona nthawi yaitali mpaka osadzukanso. Kuti phokoso la malovu pakhosi la m'maola otsiriza limasautsa kwambiri oyang'anira kuposa wodwalayo. Kuti pali mankhwala ochepetsa malovu ndi kubanika, ndiponso kuti kumugoneka chammbali kumathandiza. Anawaphunzitsa mayi zochita zinthu zikasintha usiku, n'kuwapatsa nambala yoimbira.

Panalinso mphekesera yoti mofini ndi mankhwala “omalizitsira” odwala. Anamwino anailongosola: akamaperekedwa pa mlingo woyenera, ntchito yake ndi kuletsa ululu basi. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akufa ndi wa thupi, maganizo, banja ndi mzimu nthawi imodzi. Pano ndinaona mbali ina ya chiphunzitso chimenechi: mantha amene ankaoneka auzimu anachepa ndi kufotokoza kwa namwino kwa theka la ola.

Otsala, ndi opemphera amene analetsa kutchula imfa

Mantha achiwiri anali a mayi. Aphunzitsi anamanga nyumba pa tauni yaing'ono ndi ndalama zopumira pantchito, ndipo ankadziwa kuti ena mwa abale awo ayamba kale kuiyang'ana. Ndinawauza za lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndinawalangiza kulemba wilo, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zosalandirapo kanthu. Anakana. Kulemba wilo, anati, n'kudziitanira imfa, ndiponso anthu opemphera awaletsa.

Apa ndi pamene ndinamva za gulu limene mphwawo, mwana wa mlongo wawo, ankabwera nalo Lachisanu lililonse. Anali achinyamata achikondi, oyenda mtunda wautali ndi ndalama zawo. Koma chiphunzitso chawo chinali chakuti machiritso aperekedwa kale, ndipo chotsala n'kuwalandira. Aliyense wotchula imfa m'nyumbamo ankamudzudzula kuti akutsegulira mdani khomo. Analimbikitsa Aphunzitsi, munthu amene ankalephera kumeza phala, kuti asale kudya masiku atatu n'kusiya mankhwala monga umboni wa chikhulupiriro. Akachoka, wodwala ankatsala ndi mlandu watsopano: ngati sakuchira, cholakwa chili mwa iye.

Ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo Yakobo 5 amatilamula kupempherera odwala. Aphunzitsi ndinawapempherera machiritso nthawi iliyonse imene anapempha. Koma chiphunzitso chimene chimasandutsa kuchira kukhala mayeso a chikhulupiriro ndi nkhanza kwa munthu amene akufa, ngakhale ochiphunzitsa ali ndi mtima wabwino. Elisa, amene anaukitsa mwana wa mayi wa ku Sunemu, anadwala nthenda imene anafa nayo. Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo iye mwini anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake koma sunachoke. Ndinakumana ndi mphwawo payekha. Sindinamuletse kubwera. Ndinamupempha zinthu ziwiri: asakhudze mankhwala ndi chakudya, ndipo alole amalume ake alankhule chilichonse chimene chili mumtima. Choyambacho anavomera msanga. Chachiwiri chinamuvuta, ndipo gululo linayamba kubwera mwa apo ndi apo.

Pa za wilo, ndime imene inathandiza ndi Yesaya 38. Mneneri auza mfumu Hezekiya kuti akonze za nyumba yake chifukwa afa. Hezekiya atembenukira kukhoma n'kulira kwambiri, ndipo Mulungu samudzudzula chifukwa cha misoziyo; amuwonjezera zaka 15. Aphunzitsi anaona okha kuti lamulo lokonza nyumba linachokera kwa Mulungu, ndiponso kuti kukonzekera ndi kupempha moyo zikhoza kuyendera limodzi. Anavomera kulemba. Koma tsiku lolemba litafika, anazengereza pa mndandanda wa ana.

Chimene chinali pansi pa zonse

Anali ndi mwana wamkazi kunja kwa banja. Anabadwa pamene ankaphunzitsa kusukulu ina yakutali, ali kale pa banja koma asanasankhidwe ukulu. Kwa zaka zingapo ankatumiza fizi mobisa kudzera mwa mnzawo, kenaka anasiya. Mayi sankadziwa. Ndipo kwa zaka zonse za ukulu wawo anakhala m'bwalo la mpingo kuweruza milandu ya achinyamata opatsana mimba, n'kumawaimitsa Mgonero.

“Abusa, mukuona pamene matendawa agwira? Pammero. Mmero womwewu ndi umene ndinkaweruzira ana a eni.”

Usiku akadzidzimuka, ankadziona ataima pa chiweruzo, achinyamata aja ali mboni.

Ofufuza aona kuti chimene chimasiyanitsa odwala si kuchuluka kwa chipembedzo chawo kokha, koma chimene akukhulupirira kuti Mulungu akuwachitira m'matendawo. Kenneth Pargament ndi anzake, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 2001 pa odwala achikulire a ku America, anapeza kuti amene ankaona ngati Mulungu wawasiya kapena sakuwakonda ankamwalira msanga poyerekeza ndi anzawo. Jonathan Jong ndi anzake atasanthula kafukufuku wambiri wa chipembedzo ndi mantha a imfa, anapeza kuti kugwirizana kwa ziwirizi n'kochepa kusiyana ndi mmene ambiri timaganizira. Ambiri mwa kafukufukuyu anachitikira kumayiko a azungu, koma zimene ndimaona m'midzi yathu sizikutsutsana nazo. Munthu akhoza kudziwa Baibulo lonse n'kumaopa Mulungu amene akumuyembekezera tsidya linalo.

Yankho losavuta likanakhala lakuti, “Mulungu anakukhululukirani kale, iwalani.” Sindinanene zimenezo, chifukwa munali zinthu ziwiri zosakanikirana zimene zinkafunika kulekanitsidwa. Choyamba chinali bodza: lakuti khansa ndi malipiro a tchimo. Pa Yohane 9 Yesu akana maganizo amenewa pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene Aphunzitsi anawaphunzitsa a kalasi kwa zaka zambiri, amafunsa pa funso 42 chifukwa chimene timaferabe pamene Khristu anatifera, ndipo amayankha kuti imfa yathu si malipiro a machimo athu, koma kutha kwa uchimo ndi khomo la moyo wosatha. Ndinangoyamba funsolo, iwo n'kumaliza yankho pamtima, kenaka n'kulira. Khansa ya kummero imagwira alimi, amayi a chigwirizano ndi zidakwa mosasankha.

Chachiwiri chinali choona: analakwa, ndipo wolakwiridwayo ali moyo. Pali mayi wa zaka za m'ma 30 amene anakula wopanda bambo womuvomera. Chikumbumtima chawo sichinkanama pamenepo, ndipo kuchitontholetsa ndi mavesi kukanakhala kuwanamiza. Tinawerenga Salmo 32, pamene wolemba akuti atakhala chete mafupa ake anakalamba. Ndinawauza kuti chikhululukiro cha Mulungu sichigulidwa ndi kukonza zinthu, koma munthu wokhululukidwa amamasuka kukonza zimene zingakonzeke, monga Zakeyu. Ndinawatsimikiziranso kuti sindidzauza munthu, ngakhale anzanga a m'gulu, pokhapokha iwo atandilola. Chisankho chinali chawo.

Anasankha kuuza mayi. Ndinawachenjeza kuti asaulule pongofuna kutula katundu pamutu pa munthu wotopa kale ndi kudwazika. Anayankha kuti mwanayo adzatulukira ndithu, mwina pa maliro penipeni, ndipo sakufuna kuti mayi adzamve kwa anthu iwo ali m'bokosi. Mfundo imeneyi ndinaiona kuti ndi yoona.

Sizinayende bwino. Mayi anamvetsera osayankha, m'mawa mwake n'kunyamuka kupita kwa achemwali awo. Mwana wawo wamwamuna ndi amene anakhala gadiyani masiku amenewo, ndipo usiku unaipa kuposa kale. Anamwino anandifunsa mosapita m'mbali ngati zinali zoyenera kutsegula nkhani yotere kwa munthu wotsala ndi sabata zowerengeka. Funso limenelo ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Pali odwala amene sindingawalimbikitse kutero, makamaka pamene kuulula kungaike wina pangozi. Pano ndinaona kuti nkhaniyi inali itatseguka kale usiku uliwonse, kungoti Aphunzitsi ankakumana nayo okha.

Ndinapita kukaona mayi. Sindinawapemphe kuti akhululuke. “Abusa,” anatero, “chimene chikundiwawa si mwanayo. Ndi zaka zonse zimene ndinkawachapira malaya opita nawo kukaweruza anzawo.” Anabwerera kunyumba patapita masiku angapo, ndi nkhoswe yawo. Anati abwera kudzamaliza ntchito imene analonjeza pa ukwati, ndipo za mumtima azikamba ndi Mulungu pa nthawi yawo.

Mwana wamkazi uja anapezeka kudzera mwa mnzawo wakale wa Aphunzitsi. Anabwera kamodzi. Anakhala pakhomo pa chipinda, namvetsera kupepesa konse. Anayankha mwaulemu kuti wamva, kuti sakuwasungira chakukhosi, koma bambo ake ndi amene anamulera. Aphunzitsi anamulemba mu wilo. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 23, amati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, choncho analibe chifukwa chomupatsira zochepa mobisa.

Anaitananso abusa a mpingo wawo ndi akulu awiri, naulula, napempha kutula udindo. Abusawo anawalandira mwachifundo ndipo anabwera ndi Mgonero kunyumba. Mkate sukanatheka kumeza. Anawapatsa kanyenyeswa konyowetsedwa m'chikho.

Usiku

Pa nthawi yonseyi tinkakonzanso zinthu zing'onozing'ono. Nyali inakhalabe yoyaka, popanda wowachititsa manyazi. Abambo a mumpingo anagawana masiku ogona pabalaza kuti mayi azipumako. Aphunzitsi anavomera atakumbukira kuti Ambuye nawonso anapempha anzawo oti akhale nawo maso. Akadzidzimuka, wokhala nawo ankawadzutsa kukhala tsonga, kuwathandiza kupuma pang'onopang'ono, n'kunena nawo pemphero lalifupi limene anasankha okha, la wachifwamba wa pamtanda lopempha Yesu kuti amukumbukire. Masiku ovuta tinkawerenga Salmo 88, limene limatha popanda mawu a chigonjetso. Ankadabwa kuti pemphero lotere linaloledwa kukhala m'Baibulo, ndipo linakhala limodzi mwa amene ankawapempha kawirikawiri.

Zotsatira

Anamwino atabwereza mafunso aja, Aphunzitsi anayankha 3 pa nkhawa. Papepala zinkaoneka ngati zaipa, kuchoka pa 0. Ife tinadziwa kuti aka kanali koyamba kuti ayankhe zoona. Pambuyo pake inatsika kufika pa 2 ndipo inakhala pomwepo. Kudzidzimuka kunachepa, kuchoka pa usiku uliwonse kufika pa kamodzi kapena kawiri pa sabata. Mantha sanathe. Sabata yotsiriza anandiuza kuti akuopabe, koma tsopano akuopa njira, osati Amene akukakumana naye.

Kwa alendo anasiya kuchita ngati palibe chikuwavuta. Mkulu wina wachinyamata atawayamikira kuti ndi olimba mtima, anamuyankha kuti, “Mwana wanga, usadzauze amasiye kuti Mkhristu saopa. Udzawauze kuti Mkhristu safa yekha.”

Anamwalira kunyumba, patatha miyezi itatu chiwatumizireni kwa ife. Masiku awiri otsiriza anali m'tulo. Sanatsamwe.

Zotsala

Wilo inawerengedwa pamaso pa mbali zonse ziwiri za banja. Mmodzi mwa abale anang'ung'udza, koma nyumba ili m'manja mwa mayi. Mwana wamkazi uja anabwera pa tsiku loika maliro n'kukhala pakati pa anthu wamba. Gawo lake anati likhale la sukulu ya ana ake. Mofini wotsala anabwezedwa kuchipatala monga mwa lamulo.

M'gulu lathu tasintha zinthu ziwiri. Mafunso a nkhawa ndi mtendere timawafunsa wodwala ali yekha, ndipo yankho la wodwala likasiyana kwambiri ndi la achibale timabwereranso. Abusa, akulu a mpingo, amayi otsogolera ndi aliyense amene amatonthoza anzake timawafunsa mwapadera za usiku.

Mayi sanapezebe mtendere. Akulira mwamuna amene amukwiyiranso, ndipo anthu akamamuyamikira malemuyo pamaso pawo amasowa choyankha. Kutchalitchi amapita, koma ku Mgonero sanayambe kuyandikira. Tagwirizana ndi mayi wina wamasiye wa m'chigwirizano, amene iwo amamukhulupirira, kuti aziwayendera sabata iliyonse, ndipo ine ndi anamwino tidzawaonanso mwezi wamawa kuti tione ngati chisonichi chikufunika thandizo la kuchipatala.